Mmene Mungaphunzitsire Eriya Motsatira CAPS m'Makalasi a ku Johannesburg

Malangizo awa ndalembera aphunzitsi anzanga a masamu amene amalankhula Chichewa ndipo akugwira ntchito kuno ku Johannesburg, kaya m'sukulu za boma, m'sukulu zoima pazokha za m'katikati mwa mzinda, kapena m'makalasi a madzulo ndi a Loweruka amene amathandiza ana a ku Rosettenville, Turffontein, Yeoville ndi madera ena. Makolo amene amakhala pansi ndi mwana pa nthawi ya homuweki apindulanso nawo. Nkhani yake ndi eriya, kukula kwa malo amene mungayalepo chinthu, monga pansi pa chipinda, khoma kapena munda.

Ambiri a ife tinaphunzira mutu umenewu mwa kuloweza kuti m'litali timachulukitsa ndi m'lifupi, ndipo n'kwapafupi kuti tiphunzitsenso choncho. Silabasi ya dziko lino imafuna zosiyana. Imafuna kuti mwana ayambe wayala, wawerenga masikweya, waona yekha mmene mizere ikubwerezedwera, ndipo fomula ibwere pambuyo pake ngati njira yachidule ya chinthu chimene akuchidziwa kale. Mphunzitsi amene walumpha magawo amenewa amaoneka ngati wafulumira, koma amadzalipira nthawi imeneyo mu Giredi 7, pamene ana akusokoneza eriya ndi perimita (kutalika kwa m'mphepete monse mozungulira chinthu) ndiponso akulemba kuti sikweya mita imodzi ndi masikweya sentimita 100.

Choyamba, werengani zimene CAPS ikunena pa giredi yanu, komanso pa giredi ya m'munsi ndi ya pamwamba

CAPS ndi silabasi ya Department of Basic Education (dipatimenti ya boma yoona za sukulu ku South Africa) imene inayamba kulowa m'sukulu mu 2012 ndipo inafika m'magiredi onse mu 2014. Mabuku ake amapezeka ulere pa webusaiti ya dipatimentiyi. Masamu anagawidwa m'zigawo zisanu, ndipo eriya ili m'chigawo cha Measurement (miyezo), chimene chimatenga 15 peresenti ya ntchito ya masamu mu Giredi 4 mpaka 6 ndi 10 peresenti mu Giredi 7 mpaka 9. Musawerenge za giredi yanu yokha, chifukwa tanthauzo la ntchito yanu limaoneka mukaiyika pakati pa chaka chatha ndi chaka chamawa.

Mu Giredi 3 ana amafufuza eriya poyala tinthu tofanana pamalo. Mu Giredi 4 ndi 5 amapeza eriya ya zinthu zolunjika bwino ndi zokhotakhota powerenga masikweya papepala la timabokosi, ndipo cholinga chimene chalembedwa n'chakuti amvetse muyezo wa masikweya. Mu Giredi 6 amapitiriza kuwerenga, koma tsopano amapanga okha malamulo opezera eriya ya sikweya ndi rekitango, ndiponso amafufuza mgwirizano wa perimita ndi eriya. Fomula monga chida cha tsiku ndi tsiku imayamba mu Giredi 7, pamodzi ndi tirayango komanso kusintha miyezo pakati pa mm², cm² ndi m² (masikweya milimita, masikweya sentimita ndi masikweya mita). Sekilo (chinthu chozungulira) imabwera mu Giredi 8, ndipo mu Giredi 9 ana amafufuza zimene zimachitika pa perimita ndi eriya mbali zikawirikizidwa kawiri.

Powerenga, lembani mzere pansi pa mawu osonyeza zochita. Pamene silabasi yati mwana awerenge, phunziro lanu likhale la kuwerenga. Pamene yati apange lamulo, lamulolo lichokere m'kamwa mwa ana inu musanalilembe pabolodi. Kugwirizanitsa phunziro ndi silabasi sikutanthauza kukopera mutu pamwamba pa pulani ya phunziro ayi, koma kuonetsetsa kuti chimene manja ndi mutu wa mwana zikuchita m'kalasi ndi chomwecho chimene chalembedwa.

Chachiwiri, onani nthawi imene mwapatsidwa

Tengani Annual Teaching Plan ya chaka chino kwa mkulu wa dipatimenti ya masamu pasukulu panu. Imeneyi ndi yofanana ndi masikimu amene tinazolowera kumudzi, ndipo ndi imene imanena temu ndi masabata amene mutu uliwonse uphunzitsidwe. Musadalire ya chaka chatha, popeza kuyambira nthawi ya mliri wa Covid-19 ndondomekozi zakhala zikukonzedwanso. Masamu ali ndi maola 6 pa sabata mu Giredi 4 mpaka 6, ndi maola anayi ndi theka mu Giredi 7 mpaka 9. Kawirikawiri eriya imabwera pamodzi ndi perimita ndi voliyumu, choncho gawani maolawo musanayambe, ndipo ntchito ya manja muipatse gawo lalikulu.

Chachitatu, fufuzani zimene ana akudziwa kale

Jambulani pabolodi rekitango ziwiri, ina yaitali ndi yopyapyala, ina yaifupi ndi yotambalala, ndipo mufunse kuti ndi iti imene ingafune penti wambiri. Musawapatse manambala. Mvetserani zifukwa zawo koposa mayankho. Ena adzasankha yaitaliyo chifukwa diso lawo likuyezabe kutalika kokha, ena adzafuna rula kuti aphatikize mbali zonse, ndipo ochepa adzanena kuti tiyenera kuziphimba ndi chinachake n'kuwerenga. Mphindi khumi zimenezi zimakuuzani ngati kalasi ya Giredi 6 ikufunika kubwerera ku ntchito ya Giredi 4 kwa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo kubwerera kotero si kutaya nthawi.

Chachinayi, ayale ndi manja

Apa ndi pamene pali maziko a mutu wonse, choncho musafulumire. Gawani ana m'magulu, ndipo gulu lililonse muliuze kuti liphimbe pamwamba pa desiki. Gulu lina mulipatse mapepala a A4, lina makope, lina zivindikiro za mabotolo, lina timakatoni todulidwa m'masikweya ofanana. Lembani pabolodi chiwerengero cha gulu lililonse. Madesikiwo ndi ofanana, koma manambala adzasiyana, ndipo funso loti n'chifukwa chiyani asiyana ndi limene likunyamula phunziro la tsikulo.

Pokambirana, atsogolereni ku mfundo zitatu popanda kuwauza inu nokha. Choyezera chiyenera kukhala chofanana kukula kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Pasatsale mipata, ndipo apa gulu la zivindikiro lidzadzionera lokha kuti zinthu zozungulira zimasiya malo osaphimbidwa. Zoyalazo zisasanjikizane, chifukwa malo amodzi angawerengedwe kawiri. Pomaliza afunseni chifukwa chake amene anagwiritsa ntchito mapepala aakulu apeza nambala yaing'ono, pamene a timakatoni apeza nambala yaikulu. Mwana amene wamvetsa kuti choyezera chikachepa chiwerengero chimakula sadzavutika kwambiri akadzafika pa kusintha miyezo.

M'makalasi athu ambiri muli ana amene makolo awo amaika matailosi, amapenta nyumba kapena amasamalira kapinga m'madera a kumpoto kwa mzinda uno. Ndimalimbikitsa kuti muwapemphe akafunse kunyumba mmene munthu amadziwira kuchuluka kwa matailosi ofunika m'chipinda. Mayankho amene amabwera nawo amakhala masamu enieni, ndipo mwana amene waona kuti ntchito ya bambo ake ili m'silabasi amamvetsera mwa mtundu wina.

Chachisanu, samukirani papepala la timabokosi

Gwiritsani ntchito pepala limene bokosi lililonse ndi sentimita imodzi m'litali ndi sentimita imodzi m'lifupi. Muyeze kaye musanagawe, chifukwa makope ena a masamu ali ndi timabokosi tochepera pamenepo, ndipo mwana akazolowera kutchula kabokosi kalikonse kuti sikweya sentimita amataya chithunzi cha kukula kwake kwenikweni. Ngati timabokosi si ta sentimita imodzi, mayankho alembedwe m'masikweya basi.

Yambani ndi rekitango ndi masikweya, kenako zinthu zooneka ngati L kapena T, kenako zokhala ndi matheka a masikweya amene awiri amapanga imodzi. Mukatero, mwana aliyense ajambule dzanja lake kapena tsamba la mtengo papepalalo. Awerenge kaye masikweya athunthu n'kuika kadontho mu iliyonse imene wawerenga, kenako a m'mphepete: imene yaphimbidwa kuposa theka aiwerenge ngati yathunthu, imene sinafike theka aisiye. Yankho limeneli ndi longoyandikira, ndipo ana auzidwe zimenezo momveka. Silabasi imatchula zinthu zokhotakhota mwadala, chifukwa dzanja lilibe m'litali ndi m'lifupi woti n'kuchulukitsa, komabe lili ndi eriya. Mwana amene wawerenga masikweya a dzanja lake sangaganizenso kuti eriya ndi dzina chabe la kuchulukitsa manambala awiri.

Mabuku a ntchito amene Department of Basic Education imagawa m'sukulu za boma ali ndi masamba a timabokosi othandiza pa gawo limeneli. Ngati mukuphunzitsa Giredi 4 kapena 5, ntchito yanu yatha pano, ndipo musaike fomula pa mayeso ngakhale ana ena ataitulukira okha.

Chachisanu ndi chimodzi, lamulo lichokere m'mizere

Mu Giredi 6, jambulani rekitango ya mizere 4, mzere uliwonse wa masikweya 7. Ana ena adzawerenga imodziimodzi mpaka 28, ena adzati 7, 14, 21, 28, ndipo ena adzati 4 kuchulukitsa ndi 7. Lembani njira zonse zitatu ndipo mufunse imene ingathandize rekitango itakhala ya mizere 30. Kenako apatseni rekitango imene masikweya ajambulidwa mu mzere wapamwamba ndi m'mbali imodzi yokha, m'kati muli mopanda kanthu. Pomaliza apatseni imene ilibe masikweya n'komwe, koma manambala okha m'mbali, 7 cm ndi 4 cm.

Funso lofunika kwambiri pa nthawi imeneyi ndi lakuti nambala 7 ikukuuzani chiyani za masikweya. Mwana ayankhe kuti masikweya 7 akukwana mu mzere umodzi, ndipo 4 ikusonyeza kuti mizere yotero ilipo inayi. Akatha kunena zimenezi, aliyense alembe lamulo m'mawu akeake m'kope, ndipo mukatero ndi pamene mungalembe A = l × b (eriya ndi m'litali kuchulukitsa ndi m'lifupi) pabolodi. Musakane kufotokoza kwa mwana chifukwa chakuti kwabwera mu isiZulu, Sesotho kapena Chichewa. Muloleni aganize m'chilankhulo chimene chikumuthandiza, kenako mumuthandize kunena mfundo yomweyo m'Chingelezi, popeza ndi chimene adzalembere mayeso.

Chachisanu ndi chiwiri, siyanitsani eriya ndi perimita poziika pamodzi

Aphunzitsi ena amaphunzitsa ziwirizi motalikirana poopa chisokonezo, koma ine ndikuona kuti chisokonezo chimatha mwana akaziona pa chinthu chimodzi. Patsani gulu lililonse timasikweya 24 ndipo apange rekitango zonse zimene zingatheke. Adzapeza ya 1 ndi 24, ya 2 ndi 12, ya 3 ndi 8, ndiponso ya 4 ndi 6. Eriya ndi 24 pa zonsezi, koma perimita ndi 50, 28, 22 ndi 20. Tsiku lotsatira mutembenuze funsolo. Perimita ikhale 24 cm nthawi zonse, ndipo ajambule rekitango zosiyanasiyana: ya 11 ndi 1 ili ndi eriya 11, ya 10 ndi 2 ili ndi 20, ya 8 ndi 4 ili ndi 32, ndipo ya 6 ndi 6 ili ndi 36. Ana amadabwa kuona kuti waya wofanana kutalika akhoza kuzinga dimba laling'ono kapena lalikulu malinga ndi mmene wamangidwira, ndipo sikweya ndi imene imapatsa malo ambiri pa rekitango zonse. Uku ndiko kufufuza kumene CAPS imatchula pa Giredi 6, choncho mukhoza kukulemba m'faelo yanu monga ntchito yokwaniritsa silabasi. Auzeni apake m'mphepete ndi mtundu umodzi wa pensulo ndipo m'kati ndi mtundu wina, ndipo muumirire kuti perimita ilembedwe ndi cm pamene eriya ilembedwe ndi cm² pa yankho lililonse.

Chachisanu ndi chitatu, tirayango ndi kusintha miyezo mu Giredi 7

Mwana aliyense ajambule rekitango ya 8 cm ndi 5 cm, aidule kuchokera pangodya ina kufika pangodya yoyang'anizana nayo, ndipo asanjikize zidutswa ziwirizo. Zikufanana ndendende, choncho chilichonse ndi theka la 40 cm², kutanthauza 20 cm². Bwerezani ndi tirayango imene nsonga yake ili pakatikati pa mbali ya pamwamba, ndipo ana alumikize zidutswa ziwiri zotsalazo kuti aone kuti zikuphimba tirayango yaikuluyo. Vuto limene limabwera pambuyo pake ndi la kusankha kutalika koyenera. Ana ambiri amatenga mbali yopendekeka, pamene fomula imafuna mzere woongoka umene ukugwera patsinde n'kupanga ngodya ya madigiri 90. Jambulani matirayango otembenuzidwa m'njira zosiyanasiyana, ndipo asanawerengetse chilichonse ayambe alozera tsinde ndi kutalika kumene kukugwirizana nalo.

Pa kusintha miyezo, pangani sikweya mita yeniyeni pomata manyuzipepala ndi selotepi, n'kuiyala pansi m'kalasi. Ikani kasikweya ka sentimita imodzi pangodya ndipo mufunse kuti tingafunike tingati mu mzere umodzi. Ndi 100. Nanga mizere ilipo ingati? Ilinso 100. Choncho 1 m² ndi 10 000 cm², ndipo mwa njira yomweyo 1 cm² ndi 100 mm². Nyuzipepalayo muipachike pakhoma mpaka temu ithe.

Kenako perekani funso la chipinda cha 3 m ndi 4 m chimene chikufunika matailosi a 50 cm ndi 50 cm. Eriya ya chipinda ndi 12 m², imene ndi 120 000 cm². Tailosi imodzi ndi 2 500 cm², ndipo kugawa kumapereka matailosi 48. Aonetseninso njira ina yotsimikizira: matailosi 8 amakwana m'litali, 6 m'lifupi, ndipo 8 kuchulukitsa ndi 6 ndi 48 yomweyo. Mwana amene analemba kuti 12 m² ndi 1 200 cm² adzapeza kuti tailosi imodzi yaposa chipinda chonse, ndipo ndi bwino kuti aone yekha kuti zimenezo sizingatheke. Kumbukiraninso kuti sukulu za dziko lino zimalemba madesimo ndi koma, choncho tailosi yomweyo imalembedwa 0,25 m², osati ndi kadontho monga mmene tinaphunzirira ku Malawi.

Za Giredi 8 ndi 9 zimayenda mwa njira yomweyi. Sekilo mukaidula m'zidutswa zambiri n'kuzisanja motembenuzana imayandikira rekitango, ndipo pamenepo ndi pamene fomula yake imachokera. Rekitango ya 3 ndi 4 ikakhala ya 6 ndi 8, perimita imachoka pa 14 kufika pa 28, koma eriya imachoka pa 12 kufika pa 48.

Chachisanu ndi chinayi, konzani mayeso motsatira milingo ya CAPS

Silabasi imagawa mafunso a masamu m'milingo inayi: pafupifupi 25 peresenti a kudziwa mfundo, 45 peresenti a njira zozolowereka, 20 peresenti a njira zovutirapo, ndi 10 peresenti a kuthetsa vuto lachilendo. Pa mayeso a mamakisi 20, zimenezi ndi mamakisi 5, 9, 4 ndi 2. Mu Giredi 7, mulingo woyamba ungakhale kusankha muyezo woyenera wa bwalo la mpira kapena wa sitampa. Wachiwiri ndi kupeza eriya ya rekitango ndi tirayango zimene miyezo yake yaperekedwa. Wachitatu ungakhale chipinda cha 6 m ndi 5 m chimene pangodya padulidwa malo a 2 m ndi 3 m, ndipo yankho ndi 30 kuchotsa 6, kutanthauza 24 m². Wachinayi ungakhale kufunsa rekitango ya perimita 20 cm imene ili ndi eriya yaikulu kuposa zonse, mwana afotokoze chifukwa chake.

Pochonga, musangoika mtanda. Lembani pambali mtundu wa cholakwa: waphatikiza mbali m'malo mochulukitsa, waiwala theka pa tirayango, watenga mbali yopendekeka, kapena wasintha miyezo ndi 100 m'malo mwa 10 000. Cholakwa chilichonse chikulozera gawo limodzi mwa amene tafotokozawa, ndipo phunziro lobwereza liyambire pamenepo.

Chomaliza, lembani zimene mwachita ndipo muganizire mwana wobwera kumene

Pa pulani ya phunziro lililonse lembani giredi, temu ndi sabata monga zilili mu Annual Teaching Plan, chigawo cha Measurement, mawu enieni a luso limene CAPS yatchula, zimene ana achite ndi manja, ndi funso limodzi limene lidzakusonyezeni ngati amvetsa. Sungani m'faelo yanu makope angapo a ntchito ya ana, ya wokhoza bwino, wapakati ndi wovutika, chifukwa mkulu wa dipatimenti ndi alangizi a masamu ochokera ku ofesi ya distirikiti ya Gauteng Department of Education amafuna kuona kuti zolembedwa m'faelo zikugwirizana ndi za m'makope.

Mwana wochokera ku Malawi amafika kalasi ili kale pakati pa ntchito, chifukwa chaka cha sukulu kumeneko chimayamba mu Seputembala ndipo chili ndi matemu atatu, pamene kuno chimayamba mu Januwale ndipo chili ndi matemu anayi. Musaganize kuti nambala ya sitandade yake ikukuuzani zimene anaphunzira pa eriya. Mukhale naye pambali, mumupatse pepala la timabokosi ndi rekitango imodzi yopanda manambala, ndipo mumufunse m'Chichewa kuti angadziwe bwanji kukula kwake. Ngati akufunafuna manambala oti achulukitse ndipo waima chifukwa palibe, mumuyambitse pa kuyala ndi kuwerenga masikweya kwa masiku angapo nthawi ya madzulo, ndipo makolo ake muwapatse timakatoni todula kuti apitirize naye kunyumba.